Ndawononga zimbale zinayi koma DVD player ikukanabe: nditenge pulogalamu iti yaulere?

Funso

Zikomo akatswiri. Ndine mphunzitsi kuno ku Dedza. Mwana wanga wamkazi anachita chinkhoswe mwezi wathawu, ndipo mnyamata amene anajambula anatipatsa kanema wake pa fulashi, wotalika maola awiri ndi mphindi khumi. Amayi anga sanabwere chifukwa miyendo ikuwavuta. Kumudziko ali ndi TV ndi DVD player zoyendera sola, ndiye ndimati ndiwabenere chimbale aoneko mdzukulu wawo. Laputopu yanga ndi ya Windows 10 ndipo ili ndi polowetsa chimbale. Ndawononga kale zimbale zinayi. Pa laputopu zikuonetsa bwinobwino, koma ndikakayesa pa DVD player ya aneba zitatu zikulemba kuti "No Disc", chinacho chikungotulutsa mawu popanda zithunzi. Mphwanga akuti andiikire Nero imene ali nayo pa fulashi yake, yosalipira. Ndivomere kodi? Kapena ilipo pulogalamu yaulere yodalirika? Ndikufunanso kusunga zithunzi za banja ndi mapepala a mayeso pa zimbale.

Yankho

Mayi, khazikani mtima pansi, agogo auona kanemayo. Laputopu yanu ilibe vuto, ndipo umboni wake ndi womwe mwanenawo, woti zimbalezo zikuonetsa mukaziika mmenemo. Kanemanso ndi wabwino. Chimene chakusokonezani chasokoneza anthu ambiri amene ndawathandiza pa zaka zomwe ndakhala ndikukonza makompyuta, ndipo mwachita bwino kufunsa musanagule paketi ina.

Tikamati kubena DVD, timatchula ndi dzina limodzi ntchito ziwiri zosiyana. Ina ndi kusunga mafayilo pa chimbale, monga mmene mumaikira zinthu pa fulashi. Chimbale chotere kompyuta imachiwerenga popanda chovuta, chifukwa kompyuta imadziwa mitundu yambirimbiri ya mafayilo. Ntchito inayo ndi kupanga chimbale cha kanema chenicheni, chotchedwa DVD-Video, chonga zija timagula zili m'kabokosi. Inu mwakhala mukuchita ntchito yoyambayo pomwe mumafuna yachiwiriyi. Ndiye musanafunse kuti pulogalamu yabwino ndi iti, dzifunseni kuti chimbalechi chikalowa m'makina otani. Yankho la funso limenelo ndi limene limasankha pulogalamu.

DVD player ndi makina a mutu umodzi. Mukaikamo chimbale imafunafuna foda yotchedwa VIDEO_TS, ndipo mkati mwake imayembekezera mafayilo othera ndi IFO, BUP ndi VOB. A VOB ndiwo kanema weniweniyo, wodulidwa m'zigawo zosapitirira 1 GB chilichonse, ndipo amakhala mu mtundu wakale wotchedwa MPEG-2. A IFO ndi amene amauza makinawo poyambira ndi podumphira mukadina remote, pomwe a BUP ndi osungira a IFO akawonongeka. Kanema amene anakupatsani wojambula uja, monga amachitira ojambula ambiri masiku ano, ndi fayilo ya MP4 yopanikizidwa ndi njira ya H.264, ndipo kukula kwa chithunzi chake kungakhale 1920 ndi 1080. DVD ya kuno kwathu, kumene timagwiritsa ntchito njira ya TV yotchedwa PAL, imanyamula chithunzi cha 720 ndi 576, pa zithunzi 25 pa sekondi. Chimbale chanu chachinayi chija, chotulutsa mawu okha, chikusonyeza ndendende zimenezi: makina a aneba anaipeza fayilo, mawu anawamva, koma zithunzizo chinali chiyankhulo chachilendo kwa iwo.

Zitatu zolemba "No Disc" zili ndi nkhani yawoyawo. Mukalowetsa chimbale chatsopano, Windows imakufunsani kuti muchigwiritsa ntchito bwanji, ndipo imakupatsani "Like a USB flash drive" ndi "With a CD/DVD player". Anthu ambiri amangodina "Next" pa choyambacho chifukwa ndi chomwe chimakhala chosankhidwa kale. Njira imeneyo imasiya chimbale chosatseka kuti muzionjezera zinthu tsiku lina, ndipo ma DVD player ambiri akakumana ndi chimbale chosatseka amangochiyesa chopanda kanthu. Koma ngakhale mukanasankha chachiwiricho, Windows 10 sisintha kanema kukhala DVD-Video, imangokopera fayilo mmene ilili. Kale pa Windows Vista ndi Windows 7 panali kapulogalamu kotchedwa Windows DVD Maker kamene kankachita ntchito yonseyi, koma Microsoft inakachotsa kuyambira pa Windows 8. N'chifukwa chake mumamva anthu akuti kale zinkatheka mosavuta. Sakunama.

Tsopano za mphwanuyo. Cholinga chake n'chabwino, koma mukaneni mwaulemu. Nero ndi pulogalamu yogulitsa, ndipo imene imayenda pa mafulashi "yosalipira" ndi yothyoledwa. Wothyolayo simumudziwa, ndipo kawirikawiri kafayilo kotsegulira kaja kamabwera ndi mavairasi. Chizindikiro chake n'chakuti amakuuzani kuti muyambe mwazimitsa antivirus. Ndinalandirapo laputopu ya mphunzitsi mnzanu imene inaikidwa pulogalamu yothyola mwanjira yomweyi. Mafoda onse pa fulashi yake anasanduka timivi topanda kanthu mkati, ndipo magiredi a temu yonse tinawapulumutsa movutikira, usiku wonse tili maso. Laputopu yokhala ndi mayeso a ana ndi zithunzi za banja si yoyeserapo zimenezo, makamaka pomwe zaulere zenizeni zilipo ndipo zikukwanira ntchito yanu.

Pa kanema wa chinkhoswe tengani DVDStyler. Ndi yaulere ndithu, yopangidwa poyera moti aliyense angathe kuona mmene inalembedwera, siika chidindo cha kampani pakati pa kanema wanu, ndipo imayenda pa Windows, Mac ndi Linux. Ntchito yake ndi yomwe ikusowayo: imatenga MP4 yanu, kuisandutsa MPEG-2, n'kupanga foda ya VIDEO_TS. Mukaitsegula imakufunsani zinthu zingapo. Pa kukula kwa chimbale sankhani DVD-5, chomwe ndi chimbale wamba cha 4.7 GB, pa mtundu wa kanema sankhani PAL, ndipo pa maonekedwe sankhani 16:9 ngati kanemayo ndi wotambalala, monga alili makanema ambiri a masiku ano. Mukalakwitsa pamenepa n'kusankha 4:3, mkwatibwi angaoneke wowonda ndi wamtali modabwitsa. Kenako imakuonetsani zithunzi zokongola za menu. Kwa agogo ine ndingati musaike menu n'komwe. Remote za kumudzi nthawi zambiri zimakhala zopanda mabatire kapena zinasowa kalekale, ndipo chimbale chodikira kuti wina adine batani chimangokhala phee pa chithunzi chimodzi, anthu n'kumati chawonongeka. Sankhani "No template", kokerani kanema wanu m'munsi mwa pulogalamuyo, ndipo chimbalecho chidzayamba chokha akangochilowetsa.

Pali mfundo ina imene ndikufuna muigwiritsitse, chifukwa ndiyo idzakupulumutsireni zimbale. DVDStyler ikamaliza kukonza, imatha kubena yokha, koma musaiuze kutero. Sankhani "create ISO image". Idzakupangirani fayilo imodzi yaikulu yothera ndi ISO, imene ili ngati chimbale chathunthu chokhala mkati mwa laputopu. Itseguleni ndi VLC, pulogalamu yoonera makanema imenenso ndi yaulere, muone poyambira, pakati ndi pothera. Onani ngati mawu akugwirizana ndi milomo. Ngati pali cholakwika, mwataya nthawi yokha, chimbale chili chonse m'paketi. Ndipo fayilo imeneyi mukaisunga, tsiku limene azakhali adzafune chimbale chawo simudzayambanso kusandutsa kanema, mudzangobena. Kusandutsako kumatenga nthawi, pa laputopu yakale kungapitirire ola, ndipo makina amatentha. Iikeni patebulo, osati pabedi kapena pa nsalu, ndipo onetsetsani kuti muli malo opanda kanthu okwana 10 GB.

Za kutalika kwa kanema wanu. Pa chimbale palembedwa 4.7 GB, koma Windows imawerenga mwa njira yake ndipo imakuonetsani 4.38 GB. Sanakubereni, ndi kawerengedwe chabe. Kanema wa ola limodzi amakwana mmenemo ali wowala bwino kwambiri. Wa maola awiri ndi mphindi khumi akwananso, DVDStyler imachepetsa yokha ubwino wa chithunzi kuti zonse zilowe. Pomwe anthu akhala pansi, ankhoswe akuyankhula kapena akupatsana nkhuku, simudzaona kusiyana. Koma pa perekaniperekani, pomwe anthu makumi akuvina atavala chitenje cha maluwa chofanana, ndalama zikuuluka, kamera ikuyendayenda, chithunzi chimayamba kuoneka timabokositimabokosi. Pa TV yaing'ono n'zopiririka. Ngati mukufuna agogo azindikire nkhope ya wachibale aliyense m'bwalomo, gawani kanemayo pawiri, ola limodzi ndi mphindi zisanu pa chimbale chilichonse. Ine ndikanatero. Zilipo zimbale za 8.5 GB zolembedwa DL, koma n'zodula, n'zosowa, ndipo makina akale amakonda kuima pakati pomwe akusintha kuchoka pa gawo loyamba kupita lachiwiri.

Pobena fayilo ya ISO ija, Windows payokha imatha: dinani kumanja pa fayiloyo, sankhani "Burn disc image", chongani "Verify disc after burning". Nthawi zambiri zimatheka. Koma chimene ndimakondera pulogalamu ina yaulere yobenera yotchedwa ImgBurn n'chakuti imakulolani kusankha liwiro ndipo imakuuzani zonse zimene zikuchitika. Ndi kapulogalamu kakang'ono kwambiri, sikadya bandulo. Kanasiya kukonzedwanso mu 2013 pa nambala 2.5.8.0, koma DVD nayonso sinasinthe chiyambire nthawi imeneyo, ndipo kamayendabe pa Windows 10. Mukakatsegula sankhani "Write image file to disc", lozani fayilo yanu, chongani "Verify". Kumanja kumaoneka mawu ambiri a Chingerezi, ndipo pakati pawo pali mzere wakuti "Supported Write Speeds". Pa manambala amene alembedwa pamenepo sankhani 4x kapena 6x. Pa 4x chimbale chodzaza chimatenga pafupifupi mphindi 15. Pa chimbale palembedwa 16x, inde, koma ma drive opyapyala a m'malaputopu sapitirira 8x, ndipo kuthamanga si kufika: chimbale chobenedwa mothamanga chimatha kuwerengeka pa laputopu n'kumadumphadumpha pa makina okalamba a kumudzi. "Verify" ija musailumphe. Ikamaliza kubena imawerenganso chimbale chonse n'kufananiza ndi fayilo yanu, moti mumadziwiratu muli pakhomo ngati chatheka.

Pamene ikubena, laputopu ikhale pa chaja ndipo batire ikhale yodzaza, kuti magetsi akathima ntchito isadukire panjira. DVD-R ikadukira panjira basi yapita, sibenedwanso. Musaisunthe laputopuyo, ndipo ana asagwedeze tebulo.

Zaulerezi zili ndi msampha wake, ndipo uli potsitsa ndi poika. Mukalemba "free DVD burner" pa Google, zambiri zobwera pamwamba ndi zamalonda. Zimati zaulere, mukavutika maola awiri n'kupeza dzina la kampani ladindidwa pakati pa nkhope ya mkwati, kapena kanema wadulidwa, ati mulipire kaye. Lembani dzina lenileni la pulogalamu ndipo tengani pa tsamba la eni ake. Pamasamba otsitsira pamakhala mabatani akuluakulu obiriwira olembedwa "Download" amene ndi otsatsa malonda, pomwe lenileni ndi kamzere kakang'ono. Komanso ImgBurn, CDBurnerXP ngakhale DVDStyler, pa nthawi zina m'mbuyomu mafayilo awo oikira ankabwera atanyamula timapulogalamu tina totsatsa malonda, monga kotchedwa OpenCandy. Choncho poika musamangodina "Next, Next". Werengani tsamba lililonse, ndipo mukaona akukupatsani chinthu chimene simunapemphe, dinani "Decline" kapena chotsani chongacho. Ngati muli ndi chikaiko, tsamba la VirusTotal limayeza fayilo ndi ma antivirus ambirimbiri mwaulere musanaitsegule.

Mayina ena mudzawamva. DVD Flick imachita ntchito yofanana ndi DVDStyler ndipo ndi yosavuta, koma inaima mu 2009, moti makanema ena a mafoni atsopano imawakana. HandBrake ndi yabwino kwambiri pochepetsa makanema, koma sibena ndipo sipanga DVD-Video, musataye nayo bandulo pa ntchito iyi. Ashampoo Burning Studio Free ndi BurnAware Free n'zabwino pa mafayilo wamba, ngakhale yoyambayo imafuna mulembetse ndi imelo.

Musanachite zonsezi, imbirani foni munthu wa kumudzi ayang'ane kutsogolo kwa DVD player ya agogo. Ngati pali polowetsa fulashi ndipo palembedwa DivX kapena MPEG4, pali njira ina yachidule: kusandutsa kanemayo kukhala AVI ya mtundu wa Xvid, wosapitirira 720 m'lifupi, pogwiritsa ntchito pulogalamu yaulere monga XMedia Recode, n'kumuika pa fulashi yofomatidwa mwa njira yotchedwa FAT32. Mawu oti MPEG4 kapena MP4 pa makina otere amanyenga anthu ambiri, chifukwa amatanthauza mtundu wakale wa DivX ndi Xvid, osati MP4 ya m'mafoni a lero. Komabe kwa agogo ndimakondabe chimbale. Fulashi kumudzi siichedwa kubwerekedwa, wina n'kufufuta chinkhoswe kuti aikemo nyimbo. Chimbale cha DVD-R palibe angafufute.

Pogula zimbale, gulani DVD-R, ya kamzere, osati ya mtanda. Kusiyana kwa DVD-R ndi DVD+R n'kochepa pa makina atsopano, koma DVD-R ndiyo inayamba kutuluka ndipo makina akale amaizindikira mosavuta. Za RW, zofufutika, n'zabwino poyeserera pakhomo ngati muli nacho chimodzi, koma sizinyezimira mokwanira kwa diso lotopa la makina akale. Ndipo zimbale sizifanana. Zija zogulitsidwa chimodzichimodzi pa benchi, zopanda chikuto, zitakhala padzuwa tsiku lonse, ndizo zimalephera kwambiri. Chitembenuzeni muyang'ane kunsi kwake pa kuwala: mtundu wofiirira uja ukhale wofanana ponseponse, wopanda mawanga kapena mphepete zotuwa. Verbatim ndi dzina limene landikhumudwitsa kochepa, ngakhale zachinyengo zolembedwa mayina odziwika ziliponso, ndiye gulani zomata m'paketi ku sitolo yodziwika.

Za zithunzi ndi mayeso n'zosavuta. Apa chimbale chikalowa mu kompyuta, ndiye simufunika kusandutsa kalikonse. Windows yokha ikukwanira, bola musankhe "With a CD/DVD player". Ngati mukufuna pulogalamu yooneka bwino, yokuonetsani kamzere ka malo otsala pamene mukuonjezera mafayilo, CDBurnerXP ndi yabwino. Dzinalo lisakunamizeni, imabena ma DVD ndipo imayenda pa Windows 10. Sankhani "Data disc", ndipo ikakufunsani, iuzeni itseke chimbale. Imapanganso CD ya nyimbo yoimba mu wailesi ya galimoto, ya mphindi 80, ngati kwaya ya kutchalitchi idzafune. Nyimbo ndi mafilimu a eni ake ndi nkhani ina: kubena n'kumagulitsa popanda chilolezo n'kulakwira lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo a COSOMA ndi amene amayang'anira zimenezo. Kumbali ya mayeso, kumbukirani kuti chimbale chilibe loko, aliyense wochitola atsegula. Ngati ndi mapepala amene ana sanalembe, yambani mwawatsekera ndi mawu achinsinsi pogwiritsa ntchito pulogalamu ya 7-Zip, kenako mubene.

Pano ndiyankhule monga munthu amene waonapo anthu akulira. Chimbale chobena pakhomo si chosatha. Chimene chimasunga kanema mkatimo ndi utoto wopyapyala umene kuwala kwa laser kumawotcha, ndipo dzuwa, kutentha ndi chinyezi zimaufooketsa pang'onopang'ono. Mayi wina anandibweretsera chimbale cha ukwati wake patapita zaka zingapo amuna awo atamwalira. Chinkakhala pawindo, m'kapepala ka pulasitiki. Kunsi kwake kunalibe ngakhale kokandika, koma utoto unali utatuwa kuzungulira mphepete monse. Tinapulumutsa mphindi makumi awiri zoyambirira, anthu akulowa m'tchalitchi, ndipo malumbiro onse anapita. Wojambulayo anali atafufuta kale zake. Chonde, fayilo ya MP4 yoyambirira ija musaifufute poti mwabena. Ikhale pa laputopu, ikhalenso pa fulashi kapena hard drive ina imene simuyenda nayo, ndipo ina mupatse mwana wanuyo asunge kwawo. Zithunzi za banja chimodzimodzi, ndipo chaka chilichonse muzitulutsa zimbalezo n'kuziyesa.

Nthawi yofuna thandizo ilipo. Ngati ImgBurn ikulephera pa zimbale za mitundu iwiri yosiyana, kapena ikulemba "Power Calibration Area Error", kapena "Verify" ikulephera nthawi zonse, diso la drive ya laputopu latopa kapena ladzaza fumbi. Musalimbane nalo n'kutha paketi. Wokonza makompyuta angalipukute, koma nthawi zambiri kugula drive yakunja yolumikiza pa USB kumakhala kwanzeru kuposa kukonzetsa. Ngati chimbale chikuonetsa kwa aneba koma chikukana kumudzi, afunseni ngati zimbale zawo zina zikuonetsa. Zikakhala kuti nazonso zikuvuta, vuto ndi makina awo, mwina fumbi ndi utsi pa diso, mwina batire ya sola yafooka moti chimbale sichikuzungulira mokwanira, ndipo zimenezo ndi za wokonza mawailesi. Ngati DVDStyler ikukana fayilo yeniyeniyo kapena mawu akutsalira m'mbuyo, bwererani kwa mnyamata wojambula uja. Pulogalamu imene analumikizira kanemayo ingathe kutulutsa wa DVD mwachindunji, ndipo kwa iye ndi ntchito ya madzulo amodzi.

Chimbale chikatheka, kayeseni kwa aneba mpaka kumapeto, chifukwa zolakwika zambiri zimabisala chakumphepete, komwe kuli mathero a kanema. Lembanipo ndi maka yofewa, osati bolopeni, ndipo musamatepo pepala chifukwa limachititsa chimbale kupendama pozungulira. Benani ziwiri, china agogo aike m'chikwama cha zovala. Ndipo amene mumutume kumudziyo mumuuze achiike m'kabokosi kake, mkati mwa chikwama, asachisiye pa dashibodi ya minibasi dzuwa likuswa mtengo.